Njinga inandifikitsa ku Zambezi, koma anthu akufunsabe chimene ndinkagulitsa

Akonzi,

Ndiloleni nditengeko malo m'nyuzipepala yathuyi kuti ndifotokoze za ulendo umene ndinayenda ndekha pa njinga yakapalasa m'miyezi ya June ndi July, kuchoka kuno ku Chipata, kudzera ku Malawi ndi ku Mozambique, mpaka kudzafikanso pakhomo panga patatha masabata atatu ndi masiku angapo. Ndilibe chodzitamandira, popeza abambo amene amalowa mumzinda uno mbandakucha atasenzetsa njinga matumba atatu a makala amagwira ntchito yowawa kuposa imene ndinagwira ine. Chandichititsa kulemba ndi funso limodzi limene linanditsatira njira yonse, m'mayiko onse atatu, ndipo mpaka lero likundipezabe ndikakhala pa msika wa Kapata: "Nanga inu abambo, munkagulitsa chiyani?"

Ine ndine mphunzitsi wopuma ntchito, ndipo ndinakulira m'nthawi imene njinga za Eagle zinkapangidwa konkuno ku Chipata, pa fakitale ya Luangwa Industries. Mnyamata akagula njinga yoteroyo ankatha kupita kukafunsira mbeta mutu uli m'mwamba. Lero lino mzinda wathu udakali wa njinga: ndi imene imanyamula odwala, ana a sukulu, mbuzi, malata ndi matumba a fetereza. Koma m'maganizo mwathu njinga yasanduka chinthu chimene munthu amakwera poyembekeza tsiku limene adzapeze njinga yamoto kapena galimoto. Chodabwitsa n'chakuti chaka ndi chaka timaona azungu akudutsa mumsewu wa Great East atapachika zikwama mbali zonse za njinga, ena akuti achokera ku Cairo ndipo akupita ku Cape Town, ndiye timawaimika, kuwajambula ndi kuwayamikira kulimba mtima. Palibe amene amawafunsa chimene akugulitsa. Ine nditanena kunyumba kuti ndikufuna kukaona nyanja ya Malawi ndi mtsinje wa Zambezi pa njinga, mayi wa ana anga anangoti kukamwa yasa, ndipo mlamu wanga anandikokera pambali n'kundifunsa monong'ona ngati ndalama za penshoni zatha, kuti andithandize ya basi.

Njinga yanga ndi yachikale, yachitsulo cholemera, yokhala ndi magiya ochepa amene mmisiri wina wa ku Down Shops anandiikira. Pa kaliya ndinamangapo chikwama cha zovala, bulangete, katenti kakang'ono kobwereka kwa mdzukulu wanga, kampoto, ufa pang'ono, kapenta ndi mchere. M'kathumba kena ndinaikamo machubu awiri, zigamba ndi guluu wake, pampu, masipoko asanu, masipanala ndi kabotolo ka oyilo wa tcheni. Pasipoti ndi ndalama ndinazikulunga m'pepala lapulasitiki n'kuzisunga m'thumba limene mayi wa kunyumba, atatha kukwiya, anandisokera m'kati mwa malaya. Anandipatsanso ukonde wa udzudzu, ndipo pa katundu yense amene ndinatenga, palibe chimene ndinachiyamikira kuposa ukondewo nditafika m'mphepete mwa nyanja.

Kuchoka ku Chipata kufika pa malire a Mwami si mtunda woti munthu n'kutopa nawo, chifukwa sukwana n'komwe makilomita 30. Chiyambire December 2022, pamene a Hakainde Hichilema ndi a Lazarus Chakwera anatsegulira malo atsopano a pa malirewa, wapaulendo amadinditsa zotuluka ndi zolowa pa malo amodzi, ndipo ine sindinachedwe. Funso lija linayambira panja, pakati pa anyamata osintha ndalama, amene anazungulira njinga yanga n'kumapapasa chikwama. Wina anati ndanyamula fodya, wina anati zitenje. Nditawauza kuti ndikungopita kukaona dziko, anaseka mpaka kugwirana mapewa, ndipo mmodzi anati, "Agogo, dziko amaliona pa foni masiku ano."

Msewu wochoka ku Mchinji kupita ku Lilongwe ndi wa chigwa, wodutsa m'minda ya chimanga chokololedwa kale ndi m'misika ing'onoing'ono, monga Kamwendo ndi Namitete. Kumeneko ndinadziwana ndi anyamata a kabaza, monga mmene anzathu a ku Malawi amatchulira njinga zonyamula anthu. Kwa munthu woyenda pa njinga palibe aphunzitsi oposa amenewa. Amadziwa pamene pali chitunda, pamene pali mjigo wa madzi abwino, nyumba yogona alendo yotsika mtengo imene ilibe nsikidzi, ndiponso nthawi imene magalimoto akuluakulu amachuluka. Mmodzi anandiperekeza mtunda wautali alibe womunyamula, ndipo ndi iye amene anandiphunzitsa lamulo limene silinalembedwe m'buku lililonse la malamulo a pamsewu, koma limagwira ntchito m'mayiko onse atatu: ukamva hutala ya thiraki kumbuyo, usayembekeze kuti akupatuka, tsikira kudothi msanga. Pamene phula ladyeka m'mbali n'kusiya chiphompho chaching'ono, kutsika kotereku n'kumene kumathyola masipoko ndi mafupa omwe.

Za Lilongwe sindinena zambiri, chifukwa ambiri mwa owerenga anu amapitako kawirikawiri kukaoda katundu. Ndinagonako usiku umodzi kwa mwana wa msuweni wanga, amene anandiimbitsa foni kunyumba kuti atsimikize kuti sindinathawe kwathu mutu utasokonezeka. Ndinaonanso magalimoto ali pamzere wautali kudikira mafuta, ndipo ndikuvomera kuti ndinawadutsa ndikuliza belu mopitirira muyeso.

Kuchoka ku Lilongwe kupita ku Salima ndi makilomita pafupifupi 100, ndipo ukadutsa zitunda za ku Dowa msewu umayamba kutsetsereka kulowa m'chigwa cha nyanja. Munthu wa m'basi saona kusintha kumeneku, amangotsika n'kunena kuti kuno n'kotentha. Wa pa njinga amakumva pakhungu: mphepo yozizira ya kumtunda imatha pang'onopang'ono, mitengo ya masuku imasowa, milambe imayamba kuoneka, ndipo m'mbali mwa msewu amayi amayamba kugulitsa usipa ndi mpunga m'malo mwa mbatata. Ndinafika ku Senga Bay dzuwa litapendeka. Kwa zaka zoposa 30 ndinkajambula nyanja imeneyi pa bolodi ndi choko, n'kumauza ana kuti ndi yachitatu kukula mu Africa muno, koma ndinali ndisanaiponde. Ndinaimika njinga pamchenga, ndinavula nsapato, ndipo ndinalowa m'madzi mpaka m'mawondo buluku lili m'thupi. Asodzi amene ankasoka maukonde pafupi anandiyang'ana mwachifundo. Mmodzi anabwera kudzandiuza kuti ngati ndabwera kudzaoda nsomba ndachedwa, ndibwere m'mawa kwambiri.

Masiku otsatira ndinalimbana ndi mwera, mphepo yochokera kummwera imene imawomba m'nyengo yozizira, ndipo popeza ine ndinkalowera komweko, inkandikankha pachifuwa tsiku lonse. Ndinapumira ku Mua, pa mishoni imene ansembe a White Fathers anaikhazikitsa mu 1902. Pamenepo pali malo a Kungoni, amene anayambitsidwa ndi Bambo Claude Boucher mu 1976, ndipo m'zipinda zake muli mbiri ndi miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao, kuphatikizapo zigoba zambirimbiri za gule wamkulu. Ndinakhalamo theka la tsiku. Zinandikhudza kuona kuti zinthu zimene agogo anga ankandiuza tili pamoto kumudzi kwathu ku Chadiza zasungidwa mosamala chotere kutsidya la malire, pa mtunda woti njinga n'kufika, koma ine ndakalamba osadziwa.

Chitunda chochoka ku Golomoti kukwera ku Dedza ndicho chinandiphunzitsa kudzichepetsa. Msewu wake umakhotakhota ngati njoka, ndipo munthu amachoka m'chigwa cha nyanja n'kukwera mamita oposa 1,000 asanafike kumtunda. Ndinapalasa pang'ono, ndinakankha kwambiri. Pakati pa chitundacho masipoko atatu a gudumu lakumbuyo anaduka, gudumu n'kuyamba kuvina. Ndinakankha mpaka pa kamudzi kena pamene ndinapeza mmisiri pansi pa mtengo wa mango, zida zake zili m'chitini cha penti. Mnyamatayo anatembenuza njinga miyendo m'mwamba, anaika masipoko anga atsopano, kenaka anayamba kuwongola gudumu pomanga ndi kumasula pang'onopang'ono, chala chake chachikulu chili pafupi ndi limu kuti amve pamene likukhudza. Sanagwiritse ntchito makina alionse, koma gudumulo silinavutenso mpaka kwathu. Nditafunsa mtengo, anatchula ndalama yochepa kwambiri moti ndinachita manyazi, ndipo nditawonjezera anandiletsa, amvekere, "Zinazo mugulire tiyi kutsogoloku, ku Dedza kukuzizira." Amisiri otere ali paliponse m'chigawo chino cha Africa, ndipo ndiwo amachititsa kuti ulendo wa pa njinga yachikale ukhale wotheka. Njinga zodula za alendo zikawonongeka zimadikira zipangizo zochokera kutali, pamene yanga sipoko yake imapezeka pa golosale iliyonse.

Ku Dedza kunazizira ndithu, moti ndinagona nditavala malaya onse amene ndinanyamula. M'mawa mwake ndinawoloka malire kulowa ku Mozambique, m'boma la Angónia. Apa ndi pamene ndinkaopa kwambiri ndisananyamuke, chifukwa Chipwitikizi sindichidziwa, ndipo abale anali atandidzaza nkhani zoopsa. Koma mayi woyamba amene ndinamulonjera ndi "bom dia" wanga wophunzira pa njira anandiyankha kuti, "Tadzuka bwino, kaya inu abambo?" Zikwangwani zinasintha, ndalama inasintha kukhala metikali, buledi anasintha kukhala timikate tating'ono tokoma totchedwa pão, koma chinenero, nsima, ndiwo ndi ulemu zinali zakwathu. Dera la Ulongwe ndi lachonde, lodzaza mbatatesi, kabichi ndi nyemba, ndipo njinga za kumeneko zimanyamula katundu wolemera ngati za kuno.

Ndiyenera kunenapo za kagonedwe, chifukwa ndi zimene anthu amandifunsa akatha kuseka. M'matauni ndinkagona m'nyumba za alendo zotsika mtengo, njinga ndikulowa nayo m'chipinda. Kumidzi ndinkachita zimene makolo athu ankachita kalekale: dzuwa lisanalowe ndinkafunsa kwa anyakwawa, n'kukagwada, kudzitchula dzina ndi mfunda wanga, kunena kumene ndachokera ndi kumene ndikupita, n'kupempha malo okhomapo tenti. Palibe ngakhale pamodzi pamene anandikaniza. Kawirikawiri tentiyo sinkatambasulidwa n'komwe, popeza ankati mlendo wamkulu ngati ine sangagone panja ngati mbuzi. Ndinkasiya kapenta, shuga kapena sopo, ndipo ndinaphunzira kuti kupereka ndalama poyera kwa munthu amene wakulandira ngati mbale kumamuchititsa manyazi. Ndi bwino kupatsira mwana wa pakhomopo kuti akagule makope.

Kutsika kuchoka ku Angónia kupita ku Tete kuli ngati kuchoka m'nyengo ina kulowa m'nyengo ina. Midzi imatalikirana, dziko limauma, milambe ndi mbuzi zimachuluka, ndipo ngakhale mu July dzuwa la masana limaotcha. Ndinkanyamuka kusanache, kupuma pamthunzi kuyambira cha m'ma 11 koloko mpaka cha m'ma 3, n'kupitiriza madzulo. Madzi ndinkanyamula malita 5, ndipo tsiku lina anandithera ndisanaone mjigo. Kumeneko n'kumene ndinamva kuwawa kwa kuyenda wekha. Palibe woti n'kumudandaulira, palibe woti agwire njinga pamene ukumata chubu, ndipo maganizo amayamba kukufunsa funso lomwe lija la anyamata a pa malire. Ndinaimba nyimbo zonse za kutchalitchi zimene ndimazidziwa, zina ndinazibwereza kawiri. Nditadutsa Moatize, kumene kuli migodi ya malasha ndi mathiraki osawerengeka, ndinaona mtsinje wa Zambezi ndi mlatho wa Samora Machel utapachikika pa zingwe zake. Ndinawoloka ndikukankha njinga kuti ndiyang'ane madzi bwinobwino. Mtsinje womwewu ndi umene Angoni a Zwangendaba anawoloka mu 1835, kumtunda kwake cha ku Zumbo, ndipo zidzukulu zawo ndife amene timavina ngoma ku Mtenguleni pa Nc'wala. Iwo anauwoloka wapansi ndi ana ndi ng'ombe. Mumzinda wa Tete anthu amalankhula Chinyungwe, chimene ndinkachimva pang'onopang'ono ngati munthu akulankhula kuseri kwa chitseko, koma pa msika tinkamvana.

Chochitika chimodzi chokha ndicho chinandiwawa pa ulendo wonse, ndipo sinditchula dziko kapena malo. Pa malo ena oimitsira magalimoto anandiuza kuti ndimasule katundu yense n'kumuyala pansi, mpaka ufa anaupisa ndi chala. Mapepala anga anali bwinobwino. Chimene chinkawavuta n'chakuti sankakhulupirira kuti munthu wakuda, wa imvi, angayende mtunda wotere popanda malonda obisika. Ndili mkati momanganso katundu wanga, panafika mlendo wachizungu pa njinga yake, ndipo anamupatsa moni wansangala n'kumulola kudutsa osatsegula ngakhale thumba limodzi. Mlendoyo analibe mlandu, ndipo pambuyo pake tinamwera limodzi tiyi. Koma ndinadzifunsa kuti, kodi ndani anatiphunzitsa kuti kuyenda pofuna kuona ndi kudziwa ndi kwa anthu ena, ndipo kwathu n'kuyenda pothawa njala, pokagula kapena pokaika maliro basi?

Njira yobwerera, yochoka ku Tete kulowera kumpoto mpaka pa malire a Cassacatiza, ndi yaitali ndiponso yachete, ya mapiri ndi nkhalango. Pa mudzi wina ndinalandiridwa ndi mkulu wina amene atamva kuti ndine wa ku Chipata anaitana banja lake lonse. Anandiuza kuti pa nthawi ya nkhondo ya m'dziko mwawo, imene inatha mu 1992, anathawira kuno n'kukhala zaka zingapo ku Ukwimi, kumene panthawiyo kunali m'boma la Petauke, ndipo ana ake awiri anabadwira kumeneko. Anandiphera nkhuku, ndipo nditayesa kukana anati iye anadya nsima ya ku Zambia kwa zaka, ndiye ndisamulande mwayi wobweza mbale imodzi. Tinacheza mpaka usiku za Kulamba, mwambo umene umachitika ku Mkaika m'boma la Katete kumapeto kwa August, pamene mafumu a Achewa a m'mayiko atatuwa amadzaonekera kwa Kalonga Gawa Undi. Anandikumbutsa kuti likulu lakale la Undi linali ku Mano, m'dziko lawolo. Mkuluyu yekha, pa anthu onse amene ndinakumana nawo, ndi amene sanandifunse chimene ndinkagulitsa. Anangoti makolo athu ankayenda njira zomwezi kukaona abale, ndipo ndachita bwino kubwera.

Nditadinditsa pa Chanida, mbali ya Zambia ya malirewo, ndinapalasa kufika ku Katete, ndipo tsiku lotsatira ndinalowa mu Chipata madzulo, phiri la Kanjala likundionekera patsogolo. Ndikawerengera mtunda wonse ukupitirira makilomita 1,000. Ndinabwera nditaonda, milomo itang'ambika, matayala onse awiri atatha, koma ndalama imene ndinawononga inali yochepa poyerekeza ndi imene anthu amamwaza pa phwando limodzi la ukwati.

Tsopano Akonzi, ndili ndi zopempha. Dzina la mzinda wathu ndi Chipata, ndipo tili pa khomo la mayiko awiri amene anthu ake ambiri amalankhula chinenero chathu. Amene amakonza misewu m'chigawo chino akumbukire kuti ambiri oyenda pamsewu ali pa njinga ndi wapansi, choncho mbali ya msewu imene njinga imadutsa ikhale yotakata ndipo izikonzedwa ikayamba kudyeka, chifukwa ndi pamenepo pamene anthu athu amafera. Oyendetsa mathiraki ndi mabasi adziwe kuti hutala siichotsa munthu pamsewu, ndipo wa pa njinga amene wanyamula mayi ndi mwana sangadumphire kudothi mwa kamphindi. Nafenso okwera njinga tili ndi mbali yathu, popeza ambiri timayenda usiku opanda nyali, opanda chonyezimira, mabuleki ali chidendene cha nsapato. Ine ndinavala chovala chonyezimira njira yonse, ndipo woyendetsa thiraki wina ku Moatize anandiuza kuti anandionera patali chifukwa cha chimenecho.

Chopempha changa chachikulu chikupita kwa aphunzitsi anzanga amene akadali pa ntchito ndi kwa makolo. Ana athu amaloweza mayina a nyanja, mitsinje ndi mapiri amene ali pa mtunda wa masiku awiri kapena atatu pa njinga, n'kumakula akuganiza kuti kukaona malo amenewa n'kwa anthu olemera. Sindikunena kuti mwana atumizidwe yekha ku Tete. Koma gulu la ophunzira a sekondale, pamodzi ndi aphunzitsi awiri ndi mmisiri mmodzi, lingathe kupalasa kupita ku Mkaika pa nthawi ya Kulamba, kapena ku Mchinji mapepala atakonzedwa bwino, n'kubwera litaona ndi maso zimene zili m'mabuku. Ngati pali sukulu imene ingafune kuyesa, ndine wokonzeka kubwera kudzafotokoza za njira, katundu wofunika ndi malo opezapo madzi, ndipo angandipeze kudzera mwa inu Akonzi. Chaka chamawa, Mulungu akalola ndipo mawondo akavomera, ndikufuna kulowera ku Lundazi n'kuwolokera ku Mzimba. Mayi wa kunyumba anena kale kuti thumba la pasipoti asokanso, koma ufa ndikagule ndekha.

Ine wanu,
Mphunzitsi wopuma ntchito,
Kapata, Chipata